Supuni ya Zdravka

Ndinatuluka m'chipatala cha ku Smolyan Lachinayi,
buluku likukhwefuka, lamba nditaboola bowo lina.
Chibayo chinathawa, inde,
koma mapiritsi a masabata atatu aja
anatentha tchire lonse pofuna mbewa imodzi.
M'mimba munatsala lupsa lokhalokha,
mukulira ngati chigayo chopanda kanthu,
ndipo njira ya kuchimbudzi ndinaidziwa ndi mumdima momwe.

Dokotala, mwana wadzulodzuloli, ndolo kukhutu,
anajambula matumbo kuseri kwa risiti.
Muno, bambo Kostadin, muli mudzi,
eni ake saoneka ndi maso.
Mankhwala sasankha wakuba ndi mwini nyumba.
Kadyeni chambiko, pang'onopang'ono,
ena abwerere m'mabwinjamo.
Zikapanda kusintha mubwerenso, musachite makani.

Kunyumba ndinapeza chipale chofewa chikulekeza m'mawondo,
mbaula ili zii,
ndipo m'furiji, kuseri kwa tsabola,
kabotolo ka Zdravka katamera ndevu zobiriwira.
Zaka ziwiri chimwalirireni iye
ndinali ndisanaphonyepo:
kuwiritsa mkaka wa nkhosa, kuudikira upole
mpaka kachala kapirire kuwerenga khumi,
supuni ya dzulo kuithira mu walero,
kufunditsa mtsuko juzi yake yofiira ija
ngati khanda lobadwa masiku osakwana.
Mbewuyo anapatsidwa ndi mayi ake tsiku la ukwati wathu.
Ine ndaipha pa masabata atatu.

Kumanda kuja sindinalire. Ndinalira pa sinki.

M'mawa mwake anagogoda Tsvetana,
amene sitinalonjerane chiyambire mkangano
wa mtengo wa mtedza wa m'malire uja.
Sanalowe. Anangotambasula mkono, kapu yovindikira kansalu.
Akazi anu anandigawira mbewu yanga itafa,
chaka chimene mlatho unakokoloka. Ndi yomweyo.
Kapuyo mubweze.
Basi natembenuka, nsapato zili kwichikwichi m'chipale.

Kani kupatsa n'kuikadi.

Usiku umenewo ndinachezera pambali pa mtsuko.
Sumva kanthu. Palibe thovu, palibe phokoso,
koma m'katimo khamu lili kalikiliki mumdima,
kudya shuga wa mumkaka, kuswana, kuswana,
ndipo kutacha supuni inaima njo pakati,
kuwawasa kwake kukugwira kuseri kwa nsagwada,
pamalo pomwe paja.

Tsiku loyamba masupuni atatu okha.
Lachinayi lake m'mimba munali kung'ung'udzabe
ngati alendo olimbirana pogona.
Ndinawonjeza nyemba, anyezi, kabichi wowawasa wa mumgolo,
poti dokotala uja anati
alendo ukawaitana, uziwaphikiranso.
Sabata yachitatu ndinagona mpaka belu la tchalitchi,
osadzuka, osapapasa khoma kufunafuna chitseko.

Sindikunena kuti chimachiza zonse.
Bondo likuwawabe. Mano awiri akugwedera.
Koma lamba wabwerera pabowo lakale,
ndipo ndikakhala pawindo nditadya,
dzanja pamimba, muli bata,
ndimaganiza za tizamoyo timene tinadutsa m'manja mwa apongozi anga,
mwa Zdravka,
mwa mdani wanga wa kuseri kwa mpanda,
lero tamanga nyumba mwa ine, lendi osalipira.
Ndinkati ndatsala ndekha m'nyumba muno.
Ndinawerenga molakwa.

Kapu ija ndabweza masana ano.
Ndadzazamo mtedza wa mumtengo womwe uja,
umene ndinatola dala m'mamawa iye asanadzuke
mwezi wa Okutobala.
Wauyang'ana, wauyang'ananso,
wati chaka chino ndi waung'onoung'ono.
Kenaka wapatuka pakhomo kuti ndilowe.
Pambaula pake mkaka unali pafupi kusefukira,
ndipo tonse awiri tathamangira poto mmodzi.